Musathamangire kuflasha foni

Kwa Ndamera, kumunsi kwa Nsanje komwe msewu umakathera pachipata cha Marka, foni ikangoyamba kuvuta anthu amati yalowa vayirasi, ndipo mankhwala omwe amawadziwa ndi kuiflasha. Mnyamata akufuna kuona ngati dzina lake latuluka pamndandanda wa osankhidwira kumayunivesite a boma womwe NCHE imatulutsa. Watsegula Chrome, tsamba layamba kubwera, kenako phi, Chrome wadzitseka yekha. Ayesanso, chimodzimodzi. Mawa lake foni ili pabenchi ya wokonza mafoni, ndipo pofika madzulo yabwerako ilibe kanthu, ngati yangotuluka m'katoni.

Ine ndikuti ambiri mwa mafoni amenewa amaflashidwa popanda mlandu, ndipo eni ake amataya zambiri kuposa ndalama yomwe alipira wokonzayo.

Mafoni omwe ali m'matumba mwa anthu kuchigwa cha Shire kuno ambiri ndi a itel ndi Tecno, opangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, m'dziko la China. Ndi mafoni olimba, batire yake imakhalitsa, mtengo wake munthu wogulitsa mbatata kapena nsomba amaufikira. Koma otsika mtengowo amabwera ndi RAM ya 1GB kapena 2GB basi. Anthu ambiri amasokoneza RAM ndi malo osungira zinthu. Malo osungira ndi nkhokwe, RAM ndi lichero lopetera: nkhokwe ikule bwanji, mapira omwe mungapete nthawi imodzi ndi okhawo okwana m'lichero. Tsamba la pa intaneti la masiku ano limabwera ndi zithunzi zikuluzikulu, malonda ndi mavidiyo odziyambitsa okha. Pomwepo WhatsApp ndi Facebook zili kumbuyo, nazonso zikudya RAM yomweyo. Ikatha, Android imatseka china chake mwadala kuti foni yonse isaume, ndipo nthawi zina chotsekedwacho ndi browser. Vayirasi palibepo apa. Google yomwe inalidziwa vutoli, n'chifukwa chake mu 2017 inatulutsa Android Go ya mafoni a RAM yochepa.

Tsono taonani kabokosi kali pamwamba pa Chrome, komwe kamawerenga masamba otsegula. Linki iliyonse yomwe mwadina pa gulu la WhatsApp imatha kusiya tsamba lake pamenepo. Akapitirira 99, Chrome amasiya kuwerenga n'kungoika kankhope koseka. Atsekeni onse, muzimitse foni n'kuyatsanso. Ntchito yosakwana mphindi ziwiri imeneyi imachiza mafoni ambiri omwe akanakaflashidwa.

Nkhokwe nayo ikadzaza thothotho browser imasowa polemba tinthu take ta kanthawi, n'kuyamba kujama. Chodzazitsa tonse tikuchidziwa: gulu la kutchalitchi, gulu la kumudzi, gulu la maliro a chaka chatha lomwe palibe walimba mtima kutulukamo, onse akutumiza vidiyo imodzimodzi. Fufutani mavidiyowo, ndipo muuze WhatsApp isamatsitse yokha. Kenako pitani ku Settings, Apps, Chrome, Storage, mudine Clear cache. Apa chenjerani, chifukwa pafupi pomwepo pali batani lina, Clear data kapena Clear storage. Loyambalo limangosesa zinyalala. Lachiwirili limakutulutsani m'maakaunti onse omwe munalowa kudzera m'browser, ndipo ngati mapasiwedi simuwakumbukira, mwadzitsekera panja nokha. Timapulogalamu tolonjeza kuchapa foni n'kuiwonjezera liwiro musatikhulupirire. Tambiri timangobweretsa malonda n'kudya RAM yomwe timati tikupulumutsa.

Pali zifukwa ziwiri zomwe munthu wa ku Area 47 ku Lilongwe sangaziganizire msanga. Choyamba ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuchigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40, pomwe a Apple amanena kuti mafoni awo azigwiritsidwa ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo a makampani ena sasiyana kwenikweni. Foni yomwe yakhala patebulo lotchajira pansi pa malata, kapena yomwe mukuigwiritsa ntchito ili patchaja ya sola masana, imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Ikafika pena imatseka mapulogalamu, mwinanso kuzima kumene. Ivuleni chikuto cha labala, ikhale pamthunzi, muyesenso dzuwa likapendeka. Batire ikatupa mpaka kukankha chivindikiro, imeneyo yatha ntchito ndipo ndi yoopsa, kuflasha sikungaiphwetse.

Chachiwiri ndi malire. Kufupi ndi Marka foni imatha kusiya TNM kapena Airtel n'kukagwira Movitel kapena Vodacom ya ku Mozambique. Bandulo yomwe munagula sigwira ntchito kumeneko, tsamba limangoima osapita patsogolo, munthu n'kumati browser yafa. Apa chofunika ndi kulowa ku Settings n'kusankha netiweki ndi dzanja, foni isamadzisankhire.

Nthawi zina vuto limachokera kwa opanga pulogalamu eni ake. Pa 22 Malichi 2021 mapulogalamu a Android, kuphatikizapo Gmail, anayamba kudzitseka okha padziko lonse chifukwa cha cholakwika m'kachigawo kotchedwa Android System WebView. Google inakonza, ndipo mankhwala ake anali kungopanga update WebView ndi Chrome pa Play Store. Koma ife update timaiopa chifukwa imadya bandulo, ndiye timapatsana mapulogalamu pa Xender, akalekale, ena osadziwika komwe anachokera. Ngati vayirasi ilipodi, khomo lake lalikulu ndi limeneli. Komanso kuyambira kumapeto kwa 2023 Chrome watsopano salowanso m'foni za Android 7 kutsika m'munsi. Wa foni yotere ayese Opera Mini, yomwe imadutsitsa tsamba kumakompyuta a kampaniyo kuti lifike litachepetsedwa. Powerenga nkhani imathandiza kwambiri, ngakhale polemba mafomu nthawi zina imasokoneza.

Chomwe chimandiwawa pa kuflasha ndi ichi. Kuno madzi analowa m'nyumba mu 2015, analowanso ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Anthu anaphunzira kujambula mapepala awo: chiphaso cha unzika, satifiketi ya sukulu, buku la kuchipatala la mwana. Kwa ena chithunzi cha m'foni ndicho chokha chatsala. Kuflasha kumafufuta zonsezo pamodzi ndi manambala a abale a ku Beira ndi ku Joni. Ndipo foni ikadzuka imafunsa pasiwedi ya akaunti ya Gmail yomwe inalimo kale. Imeneyi ndi njira ya Google yokhomera akuba, koma amene imamugwira kawirikawiri ndi mayi yemwe akaunti anamutsegulira ndi wogulitsa foni pamsika, pasiwedi osamuuza.

Okonza mafoni sindikuwada. Alipo aluso, ndipo foni yomwe pulogalamu yake yaonongekadi imafunika kuflasha. Koma kuflasha n'kofulumira ndipo kuli ndi mtengo wodziwika, pomwe kutseka masamba ndi kusesa cache n'kovuta kulipiritsa munthu. Ndiye mukafika pabenchipo, funsani kaye kuti, "Achimwene, zina zija mwayesa?" Akati palibe kuchitira mwina, muchotse SIM, musamutsire zithunzi pa memori khadi kapena m'foni ya mnzanu, ndipo musachoke musanaonetsetse kuti pasiwedi ya Gmail mukuidziwa ndipo mwailemba m'kope.