LIU LIMODZI, MATANTHAUZO ANAYI

Anzanga apaseminale, makolo ndi inu ansembe athu, pali liu lina la Chingerezi limene timalimva kawirikawiri koma sitifunsa kumene lidachokera. Liulo ndi "congregation". Ambiri tikaliona m'buku timangoti ndi mpingo, basi tatha. Ine ndikuti kuteroko nkupupuluma.

Liuli gwero lake ndi Chilatini. "Grex" ndi gulu la ziweto monga nkhosa, ndipo "congregare" ndiye kuzisonkhanitsa pamodzi. Tsono tanthauzo loyamba ndi anthu amene asonkhana m'tchalitchi kudzapemphera. Lachiwiri ndi chipani cha ansembe, abulazala kapena asisiteri, monga cha Amonfoti amene adafika ku Nzama mu 1901. Lachitatu ndi maofesi akuluakulu a ku Roma. Mu 1622 Papa Gregory XV adakhazikitsa ofesi ya Propaganda Fide yoyang'anira maiko a mishoni, ndipo idakhala ikutchedwa ndi liu lomweli mpaka mu 2022 pamene Papa Francis adasintha maina a maofesiwa. Lachinayi ndi misonkhano imene makadinala amachita asadalowe kukasankha Papa watsopano.

Wina anganene kuti zonsezi nza mayeso chabe. Iyayi! Liu limeneli lidautsa mkangano waukulu ku England. Mu 1526 William Tyndale adatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chingerezi. Pomasulira liu la Chigriki lakuti "ekklesia" iye adalemba "congregation" m'malo mwa "church". Thomas More Woyera adamtsutsa kwambiri. Iye adaona kuti gulu lililonse la anthu lingathe kutchedwa choncho, ngakhale la osabatizidwa, ndipo kuti Tyndale ankafuna kuchepetsa Eklezia wokhala ndi aepiskopi ndi ansembe. Tyndale adaphedwa mu 1536 atamzenga mlandu wa chiphunzitso chonama, ndipo omasulira Baibulo la King James la mu 1611 adabwezeretsa "church" m'Chipangano Chatsopano.

Nanga ife tikuphunzirapo chiyani? Choyamba, mawa lino tidzapatsidwa makalata a Chingerezi kuti tiwamasulire pamaso pa akhristu a kumudzi. Amene adangoloweza tanthauzo limodzi adzasandutsa chipani cha asisiteri kukhala mpingo wina wachilendo, anthu nkusokonezeka. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tiyambe taona mau ozungulira liulo tisadathamangire kumasulira.

Chachiwiri, ndipo kwa ine chachikulu nchimenechi: matanthauzo onse anayiwa tsinde lake ndi nkhosa zosonkhana. Chipani, ofesi ya ku Roma, msonkhano wa makadinala, zonsezi zilipo chifukwa cha agogo aja okhala pamkeka m'tchalitchi chaudzu. Seminaliyo amene amasirira tanthauzo lachitatu naiwala loyamba wataya njira. Kodi mbusa wopanda nkhosa sangokhala munthu wonyamula ndodo?