Galimoto Yopepuka, Mtengo Wolemera

Mwezi watha ndinalandira uthenga pa lamya kuchokera kwa mnyamata wina wa kwathu kuno ku Chitedze, amene ndinamuphunzitsa masamu zaka zapitazo, ndipo tsopano akugwira ntchito yowotcherera zitsulo mumzinda wa Johannesburg. Iye anati: "Aphunzitsi, ndasunga ndalama kwa zaka 6, ndipo ndapeza Gusheshe yeniyeni. Kodi ndigule kuti ndibwere nayo kumudzi?" Ndinamuyankha mwachidule kuti ayambe wadikira. Yankho lalitali ndi lino, ndipo ndaliika muno chifukwa ndikudziwa kuti si iye yekha amene mtima ukumuyabwa. Chilakolako cha galimoto yaliwiro chili ngati chitedze chenichenicho: ukamakanda m'pamene chimayabwa koposa.

Owerenga ena adzafunsa kuti Gusheshe n'chiyani. Ili ndi dzina limene anthu a ku Soweto ndi madera ena a ku South Africa anapatsa galimoto ya BMW ya mtundu wa 325. Koma imene mnyamatayu akuitcha yeniyeni ndi 325iS, imene inatuluka m'chaka cha 1990 ku fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria. Malamulo a mpikisano wa magalimoto ankafuna kuti galimoto yolowa m'bwalo ikhale yoti anthu wamba angathenso kuigula. Choncho a BMW, pofuna kugonjetsa Opel Kadett Superboss, anakulitsa injini kufika malita 2.7, ndipo pa zoyambirirazo anaikapo zitseko ndi boneti za aluminiyamu m'malo mwa chitsulo kuti zipepuke. Zonse pamodzi anapanga pafupifupi 500 zokha.

Nzeru imeneyi siinayambire ku Rosslyn. M'chaka cha 1972 kampani ya Porsche ya ku Germany inaonetsa galimoto yotchedwa 911 Carrera RS. Ankafuna kupanga 500 kuti akwaniritse lamulo la mpikisano, koma anthu anazilimbirana mpaka zinakwana 1,580. Mwa izi, 200 zinali zopepuka kwambiri: anachotsamo mipando yam'mbuyo ndi zotchingira phokoso, naikamo magalasi ndi malata opyapyala. Galimotoyo inapepuka ndi makilogalamu oposa 100, ndipo inkatha kupitirira makilomita 240 pa ola.

Tsono ndisanatsutse, ndivomere kaye zimene zili zoona. Kupepuka ndi nzeru, ndipo aphunzitsi anzanga a sayansi adzandichitira umboni. Chinthu chopepuka chimanyamuka msanga, chimaima msanga, chimakhota bwino, sichidya matayala ndi mabuleki. Wakabaza aliyense pa Mpingu amadziwa kusiyana kwa njinga yonyamula mwana wasukulu ndi yonyamula thumba la feteleza. Colin Chapman, amene anayambitsa kampani ya Lotus ku England, anamanga mbiri yake yonse pa mfundo imeneyi, ndipo Lotus Elise ya m'chaka cha 1996 sinkafika n'komwe makilogalamu 800. Amene akuti magalimoto otere ndi zidole chabe sanaganize mofatsa. Ndi ntchito ya amisiri, ndipo ine ndimaipatsa ulemu.

Komatu ubwino wa galimoto yotere sukhala m'galimotomo mokha. Theka lake lili mumsewu. Inapangidwira bwalo losalala, lopanda mbuzi, lopanda ngolo, limene onse amayenda molunjika mbali imodzi. Nanga ife tili ndi chiyani? Msewu wa tara wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji ulipo ndithu, koma ndi wa tonse: njinga zamakala, ngolo za ng'ombe, ana opita kusukulu, ndi amayi osenza madengu pa tsiku la msika pa Msundwe kapena pa Namitete. Wothamanga pamenepo monga anafunira amisiri a ku Rosslyn, mapeto ake ndi maliro, ndipo kawirikawiri si ake. Akapatuka kulowa njira zafumbi za m'midzi ya kwa Kabudula kapena Nambuma m'mwezi wa Januwale, galimoto yogwada pansi ngati kamba idzakhala pa mtumbira wamatope, matayala akuzungulira chabe, kudikira anyamata a m'mudzi kuti aikankhe.

Taganizaninso za makilogalamu 100 aja. Kwa Mzungu wampikisano ndi katundu wotaya. Kwa ife ndi matumba awiri a chimanga. Kuno galimoto timaiyesa ndi zimene ingasenze, osati zimene yatula. Ndipo galimoto ikalowa m'mudzi, ngakhale khadi lake likhale la munthu mmodzi, imasanduka ya mudzi wonse. Pakati pa usiku adzagogoda kuti mayi wadwala, athamangire naye ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, pamodzi ndi omudikirira awiri, mbaula ndi mtolo wa nkhuni. Kukagwa zovuta adzapempha kuti ikatenge anamfedwa ku Nsaru. Mwini wake akanena kuti galimoto yake ndi yapadera ndipo siiyenda m'matope, adzakhala akunena zoona, koma mudzi sudzamukhululukira.

Za kukonza ndiye zomvetsa chisoni. Amisiri athu ndi aluso pa chitsulo. Amachiwongola ndi nyundo, nachiwotcherera pansi pa mtengo wa mango. Aluminiyamu safuna zimenezo. Amafuna makina ake ndi dzanja lozolowera, ndipo mnyamata wanga uja, poti ndi wowotcherera, akudziwa zimenezi kuposa ine. Chitseko chikaphwanyika, china chidzachokera kuti, pamene galimoto zake zinali 500 zokha, zaka zoposa 30 zapitazo? Zipangizo za Toyota mumazipeza m'misika ya mu Lilongwe tsiku lomwelo. Za 325iS muyenera kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Pa chipata cha dziko napo, msonkho wa galimoto umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wake, ndipo Gusheshe ili nazo zonse ziwiri.

Pali mtsutso umodzi umene ndiyenera kuuyankha mosamala, chifukwa ndiwo umakopa anyamata ophunzira. Amati galimoto zosowa sizitsika mtengo, zimakwera. Zoonadi, Carrera RS yopepuka ija inafika pogulitsidwa ndi madola oposa miliyoni imodzi, ndipo 325iS yosungidwa bwino ndi chuma lero ku South Africa. Koma onani kuti ndi iti imene imakwera mtengo: ndi imene yagona m'galaja youma, yoyenda pang'ono, yokhala ndi mapepala ake onse. Ndiye kuti kuti ikupindulireni muyenera kusaiyendetsa, ndipo mukaiyendetsa mukudya mbewu. Wogula wake naye ali ku Johannesburg, sali pa Chitedze. Kuwonjezera apo, chinthu chosowa chikakwera mtengo, onyenga amachuluka. Kumata chizindikiro cha iS pa 325i wamba ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene sanayerekeze nambala ya chesisi ndi ya injini ndi zolembedwa za kampani asatulutse ndalama.

Sindine mdani wa chisangalalo. Munthu amene ali ndi nyumba, galimoto ina yantchito, ndi ndalama zoti zikatayika ana ake sasiya sukulu, agule, akaithamangitse pa bwalo la Kyalami, ndipo akandiitana ndidzakwera nawo mosachita manyazi. Koma ndalama za mnyamata uyu ndi thukuta la zaka 6, ndipo alibe zina kumbuyo kwake. Kwa iye yankho langa ndi lakuti ayi. Ngati akufuna kubwera ndi galimoto, abwere ndi yonyamula katundu, yokwera m'mwamba, imene ingadzilipire yokha pa nyengo yokolola.

Wandiyankha kuti akuganizabe. Lamulungu lapitali ndinakumana ndi mayi ake potuluka m'tchalitchi, ndipo ndinawaonetsa chithunzi cha galimotoyo pa lamya yanga. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nayamikira utoto wake, kenaka anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mtedza tiziika pati?"