Tisanakwere basi ya ku Liwonde, kodi galu wamwa madzi?

Ife amene kwathu ndi ku Balaka ndi ku Machinga sitifuna kalendala kuti tidziwe kuti chilimwe chafika. Nyenje zimayamba kulira m'mitengo ya tsanya, malata amathetheka masana, ndipo mzere wa zidebe pamjigo umafika kumsewu. Nthawi yomweyo ndi imene makomiti a achinyamata amakhala pansi kukonza maulendo. Ena amafuna kukasamba kunyanja ku Mangochi, ena kukakwera phiri la Chikala, ena ku Chilwa ngati madzi alimo chaka chimenecho. Koma manja ambiri amakwezedwa pakatchulidwa Liwonde, kukaona nyama. Msungichuma amalemba zonse bwinobwino: ya basi, yolowera pachipata, mpunga, nyemba, mafuta ophikira, ngakhale machesi. Pamndandanda wonsewo sitinaonepo dzina la munthu woti atsale akupatsa galu madzi.

Mwina mwaseka. Nafenso tinkaseka mpaka chaka chatha.

Tinanyamuka m'bandakucha tsiku la Sande, tinawoloka Shire pa baraji dzuwa likutuluka kumene, ndipo tsikulo linali lokoma monga tinkayembekezera. Tinaona njovu zikudutsa pansi pa migwalangwa, mvuu zitaunjikana m'madzi, njiri zikudya chogwada ngati zikupepesa, ndi nkhwazi ili phee pamtengo wouma. Mlongo wina anagwetsa misozi ataona kamwana ka njovu kakubisala m'miyendo ya make. Pobwerera tinaimba njira yonse mpaka mawu kusasa.

Kunyumba kwa mmodzi wa ife kunali kutachitika zina. Banja lonse linali paulendowo, ndiye poopa kuti galu wawo, Tilibemawu, angathamangire basi, anamumangirira kumtengo wa mango ndi chingwe, n'kumuikira madzi m'phale. Koma mthunzi umayenda. Pofika masana galuyo anali padzuwa, phale atalikudubula ndi chingwe chomwecho. Analimbana nacho mpaka chinaduka, n'kulunjika kwa aneba kumene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ankatsuka mbale. Mwanayo anachita zimene ana athu onse amachita akaona galu: anatola mwala. Galuyo anamuluma pakatumba.

Titatsika basi tinapeza anthu ali gulu, ena atanyamula zibonga. Funso linali limodzi: kodi galuyu anabayitsidwa? Palibe amene anali ndi pepala. Bambo a mnzathuyo anangoti akuganiza kuti anabayitsidwa ali kamwana, zaka zinayi zapitazo. Usiku womwewo anakwera njinga kupita ndi mwanayo kuchipatala chapafupi, kumene anatsuka bala n'kuwauza kuti katemera alibe, apite kwina. Katemera wa munthu wolumidwa sabayidwa kamodzi, amafuna maulendo angapo pamasiku osiyana, choncho ndalama zoyendera zinaposa kutali zimene banjalo linasonkha paulendo wa ku Liwonde. Galuyo anatsekeredwa masiku khumi monga analangizira a zaziweto, ndipo sanadwale. Mwanayo ali bwino, akupita kusukulu. Koma amayi a mabanja awiriwo, amene ankabwerekana mtondo ndi sefa, anatha miyezi akungopatsana moni wa pakamwa.

Zimenezi zinatisiyira maganizo amene tikufuna kugawana nanu. Timalipira ndalama kukasirira nyama za m'paki, timazijambula, timabwerako tikukamba za kukongola kwa chilengedwe, koma nyama imene ili m'manja mwathu, imene imagona pakhonde pathu n'kumatilondera usiku wonse, timaiona ngati mwala wa pabwalo. Ife tikuti ulendo wokaona nyama umene umasiya galu padzuwa wopanda madzi ndi ulendo wokonzedwa mwatheka.

Taganizirani mmene galu amakhalira m'midzi mwathu. Dzina lake lenilenilo nthawi zambiri si lake, ndi kalata yopita kwa aneba kapena kwa apongozi: Tilibemawu, Iwalani, Mumderanji. Mayi akafuna kulankhula ndi mnzake amene anayambana naye amangoitana galu mokweza. Chakudya chake ndi nkhoko za mumphika ngati zatsala, kapena mkute umene ana aukana. Nkhupakupa zimadzaza m'makutu, mphere imamudya mpaka ubweya kutha, ife n'kumati galu amadzionera yekha. Munthu tikafuna kumunyoza kotheratu timamutchula galu. Komatu mbava zikabwera kukhola la mbuzi, kapena fisi akamazungulira, amene amayamba kudzuka ndi yemweyo.

Mphaka ndiye ali pamavuto ena. Amatiteteza ku makoswe amene akanatha chimanga m'matumba, koma akangolira usiku padenga ena ayamba kale kunong'ona za ufiti. Nkhunda zokha ndi zimene zimaoneka kuti zili ndi mwayi, mwina chifukwa zimathera mumphika mlendo akabwera. Ngakhale izo, m'mwezi wa Okutobala zimathawa pakhomo pamene palibe madzi n'kukakhazikika kwa amene amaika phale lodzaza pansi pa khola, ndipo mlandu wa nkhunda zosamuka ndi umodzi mwa milandu yosatha m'midzi.

Nkhani ya chiwewe ndi imene sitiyenera kuichitira nthabwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa galu. Mwa anthu khumi alionse omwalira, anayi ndi ana osakwana zaka 15. N'zosadabwitsa, chifukwa ana ndi amene amasewera ndi agalu, amene amawagenda, ndiponso amene amabisa bala poopa kukalipiridwa. Kachiromboko kamatha kukhala m'thupi mwezi umodzi, iwiri, itatu osaonetsa kanthu, bala n'kupola, aliyense n'kuiwala. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, kuchira kulibe. Kafukufuku wina wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2007, anapeza kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a muubongo anali ataphedwa ndi chiwewe. Ndiye kuti m'midzi mwathu tingathe kukhala titaika maliro a matendawa osadziwa, mwinanso n'kuloza chala agogo ena osalakwa.

Chopweteka n'chakuti njira yopewera inadziwika kalekale. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomubaya katemera mu 1885, ndipo tsiku limene iye anamwalira, 28 Seputembala, ndi limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Akatswiri amati agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse m'dera akabayitsidwa, matendawa amasowa podutsa n'kuzilala. Bungwe la Mission Rabies lakhala likuchita zimenezi ku Blantyre kuyambira 2015, kubaya agalu pamalo oikika ndiponso khomo ndi khomo. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, choyamba ndi kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kupaka phulusa, tsabola kapena ubweya wowotcha wa galu yemweyo sikuthandiza chilichonse. Ife amene tikuphunzira za unamwino, zaulimi ndi zauphunzitsi timazidziwa izi pamayeso. Patchuthi, pakhomo pa makolo athu, timakhala chete.

Tikudziwa zimene ena anene, ndipo sitikuzipeputsa. Balaka ndi Machinga ndi maboma amene njala siichedwa kufika. Namondwe Freddy anakokolola minda mu Malichi 2023, chaka chotsatira ng'amba inapsereza chimanga, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mayi amene akuphika phala la madeya kuti ana agone atalawa kanthu sungamuuze za chakudya cha galu osachita manyazi. Pamenepo tikuvomereza. Mwana ndiye woyamba, ndipo aliyense wosintha dongosolo limeneli wasokonezeka.

Koma tiyeni tinene zoona. Amene amakwanitsa kusonkha ya basi ndi ya pachipata si mayi ameneyo. Ndife. Ndiponso zambiri zimene galu amafuna sizigulidwa: madzi, mthunzi, kumuchotsa nkhupakupa, kumutengera kokabayitsa a zaziweto akalengeza tsiku. Ngati pakhomo sipangadyetse agalu asanu, pasakhale agalu asanu. Tinazolowera kulandira kagalu kalikonse kamene tapatsidwa chifukwa n'kaulere, n'kukasiya kuti kakule kokha. Galu wanjala sakhala pakhomo. Amakaba mazira kwa aneba, amakafukula kudzala la kumsika, amakamenyana ndi agalu osadziwika kumene achokera, ndipo madzulo amabwera kudzagona pamene mwana wathu akukwawa. Kumusamala ndi kusamala mwana yemwe uja tikuti ndi woyamba.

Palinso za chinansi. Kwathu kuno timakhala limodzi ndi abale athu achisilamu, ndipo ambiri mwa iwo salola galu kukhudza ziwiya zawo kapena zovala zopempherera. Galu wathu akakanyambita mbale zawo pathandala, kwa ife ndi nkhani yaing'ono, kwa iwo ndi ntchito yotsuka mwapadera ndiponso chipongwe. Nthawi zambiri sadandaula, amangopirira. Timakonda kukamba zokhala mboni kwa otizungulira; mbale ya nsima yoikira galu pakhomo pathu kuti asamayendeyende ingalankhule bwino kuposa timapepala tina timene timagawa.

Tibwerere kupaki kuja, chifukwa mpanda wa waya sunalekanitse nkhani ziwirizi monga timaganizira. Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo pamene bungwe la African Parks linkayamba kuiyang'anira mu 2015 inali itadzaza misampha ya waya, yoposa 30,000 imene inachotsedwa m'zaka zotsatira. Lero njovu zinachulukana mpaka zina 263 zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu, agalu a m'tchire aja, inafika mu 2021. Nyama zimenezi zimadwala matenda a agalu athu. Ku Serengeti m'dziko la Tanzania, mu 1994, matenda otchedwa distemper anapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango, ndipo ofufuza analoza agalu a m'midzi yozungulira ngati gwero lake. Galu wosabayitsidwa wa ku Ulongwe kapena kufupi ndi chipata cha ku Liwonde, makamaka amene amapita ku uzimba, ali ndi mbali pa moyo wa nyama zimene timakazijambulazo.

Mu Novembala 2022 mimbulu 18 inapezeka itafa ndi poizoni m'pakimo. Ambiri a ife tinakwiya, tinalemba pa Facebook kuti ochita zimenezo ndi anthu opanda mtima. Tinalondola. Koma ndi angati mwa ife amene sitinamvepo za galu wa m'mudzi amene anamuikira tameki m'nsima chifukwa anaba nkhuku, ndipo tinangoti wadziphetsa yekha? Imfa yake ndi yomweyo, kuphupha ndi thovu kukamwa. Nsima yotsalayo imadyedwanso ndi nkhuku, mphaka, nthawi zina mwana.

Lamulo la Sabata limene tinaloweza tili ana limatchula ziweto pakati pa oyenera kupuma, ndipo sitikumbukira kuti tinamvapo ulaliki pa mawu amenewo. Timawadumpha mothamanga. Nyengo ya misonkhano ya misasa ndi imene imationetsa poyera. Banja lonse limanyamula mphasa, mbaula ndi thumba la ufa, n'kukakhala sabata yathunthu likuimba ndi kuphunzira, khomo litatsekedwa ndi loko. Galu ndi mphaka amatsala akuyang'ana chitseko. Ena amauza mwana wa aneba kuti aziponyako kanthu, osasiya ufa, osasiya ngakhale chidebe.

Sitikuti maulendo athe. Tikufuna apitirire, ndipo ana a m'midzi yozungulira paki, amene amamva njovu usiku koma sanaionepo mwamtendere masana, azitengedwa nawo. Pempho lathu kwa makomiti a achinyamata, atsogoleri a Pathfinder ndi akulu a mpingo ndi laling'ono. Pafomu imene kholo limasaina kuti mwana apite paulendo, pawonjezeredwe mzere wofunsa amene atsale akusamala ziweto. Mwezi wa Seputembala, tisanapite kukaona mikango, tipite kaye kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu kukafunsa tsiku la katemera, tililengeze kutchalitchi pamodzi ndi zolengeza zina, ndipo patsikulo anyamata ndi atsikana a yunifolomu athandize agogo amene sangathe kukoka galu mtunda wautali. Timaguba bwino pamisonkhano. Kuguba ndi agalu kupita kudibi sikungatichotsere ulemu. Kenako pepala la katemeralo lisungidwe pamodzi ndi mabuku a kusikelo, kuti tsiku la tsoka pasadzakhale zoti ndikuganiza.

Komiti yathu yakumana kale za ulendo wa chaka chino. Mkangano unali woti tikwere boti pa Shire kapena tingozungulira pagalimoto, ndipo a boti anapambana. Mng'ono wake wa mnzathu uja wadzipereka kutsala, akuti njovu anaziona chaka chatha zamukwana. Tamulonjeza mbale ya mpunga ndi zithunzi. Tilibemawu anabayitsidwa, pepala lake lili m'Baibulo la amayi, ndipo phale lija analisintha ndi beseni lakale limene analikwirira theka m'dothi kumbuyo kwa khitchini, kumene mthunzi suchoka.