Ogulitsa Zakudya m'Makomboni Afuna Mpopi, Osati Cikoti

Mu mzinda wa Düsseldorf, m'dziko la Germany, muli mseu wochedwa Immermannstraße umene uli ndi nyumba zambiri zodyeramo za Ajapani. Nthawi ya madzulo azungu amaima pa mzere kunja, kuyembekeza mbale ya ramen, ndiwo msuzi wa nyama wothiramo timizere ta ufa wa tirigu. Ku London nakonso nyumba zotere ziri mbwee, ndipo yochuka ya Wagamama inatsegulidwa m'caka ca 1992. Koma cakudya cimene azungu acilemekeza lero cinakulira mu umphawi. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mpunga unasowa ku Japan, ndipo anchito osauka anali kudya ramen ya tirigu wa ku America pa timatebulo ta m'mbali mwa mseu tochedwa yatai.

Nkhani imeneyi iyenera kuwapatsa maganizo akuluakulu a mzinda wa Lusaka. M'mawa uli wonse, kusanace bwino, amai a ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere amakhala atakazinga kale vitumbuwa. Masana pa siteshoni ya basi pamanunkhira cimanga coocha ndi cinangwa ca nshawa, ndipo madzulo anyamata a ku Matero ndi Kalingalinga amasonkha moto wa michopo. Cikanda ndi munkoyo sizisowa. Wonyamula katundu pa msika wa Soweto, amene sangabwerere kunyumba masana, amadalira anthu amenewa. Ndalama za malondawa ndizo zimalipira nyumba ndi kugulira ana makope m'mabanja ambiri.

Komabe nthawi iri yonse pamene kolera yabuka, oyamba kupirikitsidwa ndi iwo. Mliri umene unayamba mu October 2017 unagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Boma linaletsa malonda a m'miseu, linatumiza asilikari kukayeretsa misika, ndipo ku Kanyama linaika lamulo loletsa kuyenda usiku. Mu January 2018 anthu a m'komboni imeneyo anacita cipolowe, popeza njala inali italowa m'nyumba. Miseu inayera ndithu kwa kanthawi, koma mu October 2023 kolera inabweranso ndi ukali woposa. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February 2024, ndipo m'dziko lonse munafa anthu oposa 700.

Palibe munthu wanzeru amene angakane kuti cakudya cogwidwa ndi manja akuda, kapena mbale zotsukidwa m'madzi amodzimodzi tsiku lonse, zimafalitsa matenda. Boma liri ndi udindo woteteza moyo, ndipo pa nthawi ya mliri siliyenera kuzengereza. Koma gwero la bvutoli liri pansi pa nthaka. Ku Kanyama mwala uli pafupi, zimbudzi zokumba zayandikana ndi zitsime zosazama, ndipo mvula ikagwa zonyansa zimasakanizika ndi madzi akumwa. Mai wokazinga vitumbuwa amatunga madzi omwewo amene mnansi wace wosagulitsa kanthu amamwa. Kumcotsa pa mseu sikuyeretsa citsime.

Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mizinda yambiri ya ku Japan inathetsa yatai ponena kuti ndi zauve, koma mzinda wa Fukuoka unasankha njira ina. M'caka ca 2013 unakhazikitsa lamulo loyendetsera malondawa. Wogulitsa ali yense amatenga cilolezo, ali ndi malo ace odziwika ndi maola ace, ndipo kukamaca amacotsa zonse kuti mseu utsale woyera. Cakudya caciwisi ncoletsedwa. Mzindawo nawonso unacita mbali yace, pokonza madzi, ngalande ndi magetsi pa malo amenewo. Lero yatai pafupifupi 100 ndizo zina mwa zinthu zimene zimakopa alendo ku Fukuoka.

Ena adzati Japan ndi dziko lolemera, Zambia sangalinganizidwe nalo. Yankho liri pafupi, ku komboni ya George. M'zaka za m'ma 1990, kolera itasautsa anthu kumeneko, thandizo la Boma la Japan linakumba zitsime zakuya, linamanga matanki ndi mipopi ya onse, ndipo eni komboni anatengako mbali pa kuiyang'anira. Ngati mpopi unatheka pakati pa nyumba za George, ungathekenso pa malo ophikira a m'misika ya Chawama ndi Kanyama. Ndiponso amene anadyapo nsima ku Matebeto, ku Thorn Park, adziwa kuti cakudya ca makolo cikapatsidwa malo okhazikika, ngakhale a mataye amabwera ndi magalimoto ao kudzasamba m'manja.

Cotero Khonsolo ya Lusaka iyenera kupatula malo a ophika pafupi ndi masiteshoni a basi, kumene kuli ogula, pakuti msika womangidwa kutali ndi anthu umakhala wopanda kanthu. Pa malo ali onse pakhale mpopi, cimbudzi ndi potaya zinyalala. Cilolezo cikhale ca mtengo umene mai wamasiye angathe, ndipo oyang'anira za umoyo azifika nthawi ya cirimwe kudzaphunzitsa, asamadikire dzinja kuti adzalande mapoto. Ogulitsa naonso asunge mbali yao: aphimbe cakudya, acigulitse cikali cotentha, ndipo adzudzule mnzao wauve asanawaonongere dzina onse.

Mvula idzagwanso monga mwa nthawi zonse. Nchito imeneyi iyenera kuyambika mitambo isanade.