ZA M'MAIKO AKUTALI: Masewera Opanda Woimba Wezulo

Mwezi uno tipita nanu ku America, kuti mukaone masewera ena amene ophunzira a m'makoleji a kumeneko awakonda kwambiri. Dzina lace ndi ultimate. Sasewera ndi mpira iai, koma ndi mbale ya pulasitiki yonga kalicero kobvundikira, imene aiponya ikuzungulira, ndipo iyandama mu mphepo monga acitira mphamba pofuna anapiye. Koma cimene catikopa kuti tilembe za masewerawa si mbaleyo. Ndi lamulo lao lalikuru, lakuti osewera eni ace ndiwo aweruza milandu yao pabwalo. Yense amene anaonerako mpira wa miyendo adziwa kuti ngakhale woimba wezulo alipo, mapokoso sasowa. Nanga citheka bwanji kuti acinyamata, ena mwa iwo a mtima wapacala, alimbirane cikho popanda wowalamula? Tiyambe ndi kumene masewerawa anacokera.

M'mzinda wa Bridgeport, m'dera la Connecticut, munali kampani yophika zakudya zonga mikate, dzina lace Frisbie Pie Company, imene inayamba m'caka ca 1871. Zakudyazo ankazigulitsira m'timbale ta malata, ndipo mbiri imati ophunzira a m'makoleji a kufupi, akatha kudya, ankaponyerana timbaleto mwa cibwana. Itatha nkhondo yaikuru yaciwiri, m'caka ca 1948, munthu wina dzina lace Walter Frederick Morrison anayamba kupanga mbale zoponya za pulasitiki. M'caka ca 1957 kampani ya Wham-O inagula nzeru yaceyo, niicha mbaleyo Frisbee. Kufikira pamenepo kunali kungoponyerana cabe, popanda malamulo, popanda wopambana.

Malamulo anadza m'caka ca 1968, pa sukulu ya sekondale yochedwa Columbia High School, ku Maplewood, m'dera la New Jersey. Wophunzira wina, Joel Silver, amene pambuyo pace anachuka ndi nchito yopanga mafilimu, pamodzi ndi anzace anayamba kusewera m'magulu awiri pa bwalo loimikapo magalimoto. Anawo atamaliza sukuluyo anamwazikira m'makoleji osiyanasiyana, ndipo yense anatenga mbale yace. Pa 6 Novembala 1972 makoleji awiri anakomana koyamba, Rutgers ndi Princeton, ndipo Rutgers inapambana ndi zigoli 29 kwa 27. Codabwitsa ncakuti makoleji awiri omwewa, pa tsiku lomwelo la 6 Novembala m'caka ca 1869, ndiwo anayamba kupikisana pa mpira wa ku America. M'caka ca 1975 makoleji 8 anasonkhana ku Yale pa mpikisano woyamba, ndipo Rutgers inapambananso. Bungwe la osewera linakhazikika m'caka ca 1979, ndilo limene kuyambira 2010 lichedwa USA Ultimate.

Tsono kaseweredwe kace nkotere. Gulu liri lonse lilowetsa anthu 7 pabwalo. Bwalo la ku America liri mayadi 110 m'litali ndi mayadi 40 m'lifupi, ndipo ku mapeto onse awiri kuli cigawo ca mayadi 20. Gulu lipeza cigoli pamene mmodzi wa iwo agwira mbale ali m'cigawo ca adani. Wogwira mbale saloledwa kuthamanga nayo. Aima, phazi limodzi losacoka pamalo, nafuna mnzace womponyera. Womlonda aima pafupi nawerenga mokweza kufikira khumi, ndipo ngati afika pa khumi mbale ikali m'manja, ipita kwa enawo. Cimodzimodzi ikagwa pansi, ikaturuka kunja, kapena mdani akailanda m'mwamba: pompo amene anali kuthamangitsa asanduka othamangitsidwa. Kukankhana, kukolana miyendo ndi kugwirana nkoletsedwa. Kawirikawiri gulu loyamba kufika pa zigoli 15 ndilo lapambana, koma pa mpikisano aikanso malire a nthawi kuti masewera ena asacedwe.

Mbale ya mpikisano ilemera magalamu 175. Cimene ciigwira m'mwamba ndi mphepo yopita pamwamba ndi pansi pace, monga icitira ndi phiko la mbalame. Ndipo cimene ciiletsa kugudubuzika ndi kuzungulira kwace, monga nguli ya ana imene siigwa ikali kuzungulira. Cifukwa cace woponya waluso sadalira mphamvu ya mkono koma kapotokozedwe ka dzanja. Akaipendeketsa pang'ono, mbale ikhota m'mwamba nizungulira mdani, nkukagwera m'manja mwa mnzace amene anali asanafike nkomwe pamalopo pamene inali kucoka. M'gulu muli ena odziwa kuponya, amene akhalira cakumbuyo, ndi ena a liwiro, amene athamanga mokhotakhota kuti asokoneze owalonda. Tsiku la mphepo yamkuntho luso lonse liyesedwa, pakuti mbale siimvera mwini wace.

Moyo wa wophunzira wolowa m'gulu lotere si wa mtambasale. M'makoleji a ku America muli masewera ena, monga mpira wao ndi basketball, amene koleji iwathira ndalama zambiri. Ultimate siiri m'gulu limenelo. M'makoleji ambiri ophunzira eni ace ndiwo asankha atsogoleri ao, asonkha ndalama za zobvala ndi za ulendo, nakonza masiku ophunzira kuponya ndi kuthamanga. Ambiri afika pa koleji asanagwirepo mbale mwa mpikisano, ndipo aphunzitsidwa ndi anzao a m'makalasi apamwamba. Lacisanu madzulo, maphunziro atatha, adzazana m'magalimoto nayenda maora ambiri, nakagona mothithikana m'zipinda zobwereka kuti ndalama zikwane. Loweruka m'mamawa ali pabwalo, ndipo asewera katatu kapena kanai tsiku limodzi. M'mawa mwace ndi tsiku locotsana, pamene wogonja atsala. Usiku wa tsiku lomwelo abwerera, miyendo iri yolemera, maondo ali osupuka, ndipo Lolemba mphunzitsi afuna nchito yace monga mwa masiku onse. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa. Wophunzira wosadziwa kugawa nthawi ataya zonse ziwiri, cikho ndi mayeso. Lamulo la bungwe lao limpatsa munthu zaka zisanu zokha zosewerera koleji.

Mipikisano yaikuru icitika m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Ayamba makoleji oyandikana. Opambana apita ku mpikisano wa cigawo, ndipo dziko lonse analigawa m'zigawo 10. Kumapeto kwa Meyi magulu 20 a amuna ndi magulu 20 a akazi akomana kuti apeze katswiri wa dziko lonse. Makoleji ang'onoang'ono ali ndi mpikisano waowao. Cikho ca amuna cinayamba m'caka ca 1984, ndipo anacitenga a Stanford. Ca akazi cinayamba mu 1987, ndipo anacitenga a Kansas. Kukula kwa koleji sindiko kupambana: Carleton College, ya ku Minnesota, ya ophunzira ngati 2,000 okha, inagonjetsa makoleji akuruakuru nitenga cikho ca amuna m'zaka za 2001, 2009, 2011 ndi 2017. Atsikana a ku North Carolina anacitenga zaka zinai zotsatana, kuyambira 2021 kufikira 2024.

Tsopano tifike pa mutu weniweni. Lamulo lao lalikuru alicha Spirit of the Game, ndiko kunena mtima wa masewera. Litanthauza kuti wosewera ali yense ali ndi udindo wodziwa malamulo ndi kuwasunga, ndi kuti kufuna kupambana kusapose ulemu wa kwa mnzace. Munthu akaona kuti wakankhidwa, anena yekha mokweza, ndipo onse aima. Wonenedwayo akabvomera, wolakwiridwa abwezeredwa cimene anataya. Akakana, awiriwo akambirana mwacidule, yense nanena cimene anaona. Akapanda kumvana, mbale ibwerera kwa amene anaiponya, nayambiranso pamenepo. Palibe wolangidwa, pakuti lamulo liyesa kuti onse awiri anena zoona monga anazionera.

Taganizani tsono. Zigoli ziri 14 kwa 14, ndipo wopambana ndiye apita ku mpikisano wa dziko lonse. Mnyamata adziponya pansi cafufumimba m'cigawo ca adani, naturukira ali ndi mbale m'dzanja. Anzace apfuula, ayamba kuthamangira kwa iye. Koma iye yekha wamva m'zala zace kuti m'mphepete mwa mbale munakhudza udzu asanaigwire. Adani anali kumbuyo, sanaone bwino. Lamulo liti amene anaona bwino koposa ndiye anene, ndipo amene anaona bwino ndi iye mwini. Akakhala cete, caka conse ca thukuta, ndalama zonse zimene anzace anasonkha, zabala cipatso. Akanena, mbale ipita kwa adani, ndipo kapena ulendo wa gulu lonse uthera pomwepo. Mlandu wotere uweruzidwa m'kamphindi, ndipo mboni, woweruza ndi wozengedwa ndi munthu mmodzi.

Musayese kuti onse apambana mayeso amenewa. Alipo onena kuti akankhidwa pamene angogonja liwiro. Alipo okana ciri conse kuti acedwetse masewera. Masewera atakula, ndi ulemu wa cikho utakula, zinaoneka kuti cikhulupiriro cokha sicikwanira nthawi zonse. Cifukwa cace pa mipikisano yaikuru ya makoleji a ku America aikapo anthu owacha observers, ndiko kuti openyerera. Amenewa sayenda ndi wezulo. Asunga nthawi, ayang'ana malire a bwalo, ndipo adula mlandu pamene osewera alephera kumvana. Akhozanso kucenjeza kapena kuturutsa munthu wamwano. Koma woyamba kunena akali wosewera. Ligi ya osewera olipidwa, imene inayamba m'caka ca 2012, inasankha kukhala ndi oimba wezulo enieni, ndipo nkhaniyi igawanitsa okonda masewerawa. Ena ati wezulo ndiye aturutsa cilungamo cofanana kwa onse. Ena ati wezulo akafika, wosewera aleka kufunsa ngati walakwa, nayamba kufunsa ngati waonedwa. Ife tiona kuti mau aciwiriwa ali ndi kulemera, pakuti munthu amene aphunzira kuopa diso la mlonda yekha, aba tsiku limene mlonda wagona.

Pali mwambo winanso wokoma. Pa mipikisano yambiri, masewera akatha, magulu onse awiri aima m'bwalo limodzi mosakanizana, manja pa mapewa, ndipo atsogoleri anena poyera zimene zinakoma ndi zimene zinawawa. Pambuyo pace gulu liri lonse lilemba mamalikisi a khalidwe la linzace pa zinthu zisanu: kudziwa malamulo, kupewa kugundana, kusakondera, kudzigwira mtima, ndi kalankhulidwe. Ciri conse cipatsidwa kuyambira 0 kufikira 4, zonse pamodzi 20. Cotero gulu likhoza kutenga cikho koma nkupita kwao ndi mbiri yoipa, yolembedwa ndi onse amene linakomana nao. Ndiponso mphotho yaikuru ya wosewera wa m'koleji, imene inayamba m'caka ca 1996, siiyang'ana luso lokha koma utsogoleri ndi khalidwe. Anaicha dzina la Henry Callahan, amene anadzala masewerawa pa University of Oregon, ndipo anaphedwa ndi mbala ku Boulder, m'dera la Colorado, m'caka ca 1982.

Masewera a ana a sukulu aja anaoloka nyanja. Mpikisano woyamba wa maiko unacitika ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, m'caka ca 1983. Bungwe la dziko lonse lapansi linayamba mu 1985. M'caka ca 2001 analowa m'masewera a World Games ku Akita, m'dziko la Japan. Ndipo mu 2015 akuru a Olympics analibvomereza bungwelo kotheratu. Ponseponse, ndi anthu a zinenero zosiyana, lamulo lija lodziweruza lapita nao.

Inu makolo, mbale youluka mwina simudzaigula, koma funso lace liri kale pakhomo panu. Ana akamasewera mpira wa masanza kudambo, kapena phada pabwalo, wezulo palibe. Tamverani m'mene athetsera mikangano yao. Mwana akabwera nanena kuti anagonja cifukwa anabvomera kuti mpira unaturuka, musamuseke kuti ngwopepera. Muyamikeni pamaso pa abale ace. Wina akadzitama kuti anapambana mwa kucenjera, musasekerere. Kuongola mtengo mpoyamba. Mwana ameneyo mawa adzagwira sikelo pa msika, adzasunga thumba la gulu, adzaitanidwa kucitira umboni pa mlandu wa malire a munda, ndipo m'malo onsewo nthawi zambiri woona adzakhala iye yekha.

Ndi inu anyamata ndi atsikana, yesani mwezi uno. Musanayambe masewera, panganani kuti wolakwa anene yekha, ndi kuti mukapanda kumvana mubwerere pamene munali, popanda kutukwana. Mudzaona kuti ciri cobvuta koposa kuthamanga. Mukayesa, mutilembere m'mene zayendera.