Malipiro a papepala ndi malipiro a m'thumba ku Boitekong

Boitekong ndi lokeshoni yomwe ili kumpoto kwa mzinda wa Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, pakati pa migodi ya pulatinamu. Dziko la South Africa limakumba pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wa pa dziko lapansi. Anthu ambiri a m'lokeshoniyi amadya za mumgodi ngakhale sanatsikepo pansi: mayi wochititsa lendi zisakasa za malata kuseri kwa nyumba yake, woyendetsa minibasi, wometa tsitsi, Mmalawi wosoka zovala pakhonde. Tsiku lolandira malipiro kumigodi ndi tsiku lolandira la onsewa.

Malipiro omwewa amawerengedwanso ku Pretoria, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku Boitekong, kulikulu la banki yaikulu ya dzikolo ya South African Reserve Bank. Miyezi itatu iliyonse bankiyi imatulutsa lipoti lotchedwa Quarterly Bulletin, momwe akatswiri ake a zachuma amayerekeza kukwera kwa malipiro ndi kuchuluka kwa zomwe wantchito mmodzi amatulutsa. Maganizo awo ndi osavuta kuwatsata. Malipiro akamakwera mofulumira kuposa ntchito yogwiridwa, makampani amakweza mitengo kapena kuchepetsa antchito, ndipo banki yaikulu imakakamizika kukweza chiwongoladzanja kuti mitengo isathawe. Akatswiri a zachuma m'dzikolo amakondanso kunena kuti anthu aluso ndi ochepa pomwe opanda luso ndi ochuluka, n'chifukwa chake aluso amalandira zambiri ndipo chuma chimakula mwapang'onopang'ono.

Mfundozi n'zoona ndithu, koma zomwe zinachitika m'migodi ya ku Rustenburg zinaonetsa kuti pali zinthu ziwiri zomwe kafukufuku wotere amazidumpha mosavuta.

Choyamba ndi tanthauzo la mawu oti luso. Kumapeto kwa chaka cha 2011, kampani ya Impala Platinum inakweza ndi 18 peresenti malipiro a akapitawo a pansi, anthu okhala ndi satifiketi yophulitsira miyala, poopa kuti makampani ena angawatenge. Oboola miyala sanawonjezeredwe. Awa ndi amuna amene amagwira makina olemera obowolera thanthwe m'malo otentha, aphokoso ndi opanikizika moti nthawi zina munthu sangaimirire. Pamndandanda wa maudindo ali pafupi ndi pansi, chifukwa luso lawo lilibe pepala. Komatu woboola akapanda kuboola, kapitawo alibe chophulitsa, ndipo mgodi wonse umaima. Mu Januwale 2012 oboolawa ananyanyala ntchito, kampani inachotsa antchito pafupifupi 17,000, kenaka inawonjezera malipiro. Moto unalumphira ku kampani ya Lonmin, komwe antchito anafuna R12,500 pamwezi, ndipo pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera ndi kupha antchito 34 ku Marikana.

Sitalaka yaikulu inabwera mu 2014. Kuyambira pa 23 Januwale mpaka kumapeto kwa Juni, antchito pafupifupi 70,000 a bungwe la AMCU, motsogozedwa ndi a Joseph Mathunjwa, sanatsike m'migodi ya Anglo American Platinum, Impala ndi Lonmin. Makampaniwa anati anataya ndalama zokwana pafupifupi R24 biliyoni, ndipo antchito anataya malipiro oposa R10 biliyoni. M'miyezi itatu yoyambirira ya chakacho chuma cha dziko lonse chinabwerera m'mbuyo. Pomaliza antchito otsika anawonjezeredwa pafupifupi R1,000 pamwezi chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Kwa miyezi isanu imeneyo alendi a ku Boitekong analibe chopereka, ndipo eni nyumba ndi eni magolosale anavutikira limodzi nawo.

Chachiwiri, chomwe chili chachikulu kwambiri, ndi ngongole. Malipoti a malipiro amawerenga ndalama yomwe yalembedwa pamwamba pa pepala la malipiro. Banja limadya yomwe yatsala pansi, atadula zonse. M'zaka zapakati pa 2008 ndi 2013, ngongole zopanda chikole zinawonjezeka kuposa katatu m'dziko la South Africa, ndipo wantchito wa mumgodi anali kasitomala wosiririka chifukwa malipiro ake amabwera mwezi ndi mwezi osaphonya. Malamulo a nthawi imeneyo ankalola chiwongoladzanja chofika 31 peresenti pachaka, zaka zina kuposa apo, pa ngongole zotere, osawerengera inshuwaransi ndi ndalama zina zoyendetsera ngongoleyo, ndipo pa ngongole za miyezi yochepa ankalola 5 peresenti pamwezi. Munthu akalephera kubweza, wokongoza ankakatenga chikalata kubwalo la milandu cholamula bwana kudula ndalamayo pamalipiro isanafike m'manja mwa mwiniwake. Zikalata zambiri zinkasainidwa ndi kalaliki, osati woweruza, kawirikawiri kubwalo lakutali komwe wokongolayo sakanatha kufikako. Tsono wantchito wosamala mabanja awiri, lina ku Eastern Cape kapena ku Lesotho, lina m'chisakasa ku Rustenburg, ankapeza kuti ndalama yomwe akatswiri akuiona kuti yakwera, iye sakuiona. Yotsalayo inkathera kwa akatapila, omwe kumeneko amawatchula kuti mashonisa, ena mwa iwo osunga makadi a kubanki ndi ziphaso za okongola.

Chodabwitsa n'chakuti banki yomwe imafufuza za malipiro ndi yomweyo imayang'anira mabanki. Akuluakulu ake atafunsidwa za ngongole zopanda chikole m'zaka zimenezo, ankayankha kuti sizinali zoopseza mabanki onse pamodzi, popeza zinali kachigawo kochepa ka ngongole zonse. Yankholi linali loona pa funso lomwe ankayankha. Loti kodi wokongolayo atsala ndi chiyani linali la ofesi ina, ya National Credit Regulator, pansi pa unduna wina. Patangotha milungu yochepa sitalaka ya 2014 itatha, pa 10 Ogasiti, mkulu wa banki yaikulu, mayi Gill Marcus, analengeza kuti African Bank, yomwe inali patsogolo pa ngongole zamtunduwu ndipo inali ndi makasitomala oposa 3 miliyoni, yaikidwa m'manja mwa woyang'anira wapadera. Bankiyo inapulumutsidwa, ndipo itatsegulidwanso mwatsopano mu 2016 banki yaikulu inatenga theka la umwini wake. Okongola anayembekeza mpaka Seputembala 2016, pomwe bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti malipiro a munthu asadulidwe popanda woweruza kuunika nkhaniyo. Lamulo la 2017 linaika malire oti zodula zotere zisapitirire 25 peresenti ya malipiro.

Amalawi nkhani ya malipiro ogwidwa asanafike m'manja si yachilendo kwa iwo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, makamaka ya golide, kudzera ku Wenela. Gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi, zomwe zinkabweretsera boma ndalama zakunja. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, Dr. Kamuzu Banda analetsa ulendowu. Unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa zoyeza kachilombo ka HIV. Banki yomwe inachokera ku thumba losungira ndalama za antchito a m'migodi, Teba Bank, yomwe inadzatchedwa Ubank, nayo inaikidwa m'manja mwa woyang'anira mu Meyi 2022, ndipo amene anaigula ndi African Bank yomwe ija.

Mmalawi wa ku Boitekong wa masiku ano kawirikawiri sali mumgodi. Ali m'munda wa maluwa wa bwana, m'golosale, pa makina osokera kapena pa maganyu omanga nyumba. Ziwerengero za malipiro zomwe banki yaikulu imagwiritsa ntchito zimachokera ku kalembera wa makampani olembetsedwa kuboma, choncho munthu wotereyu mulibemo. Ngati alibe mapepala, akaunti ya kubanki sangatsegule, ndipo malire a 25 peresenti aja samuteteza kwa wakatapila.

Migodi ya Anglo American Platinum ya pafupi ndi Boitekong inagulidwa ndi kampani ya Sibanye mu 2016, yomwe inatenganso Lonmin mu 2019. Mitengo ya miyalayi itagwa, makampani a pulatinamu analengeza mu 2023 ndi 2024 zochepetsa antchito masauzande angapo. Mu Novembala 2025 boma linatsitsa mlingo wa kukwera mitengo womwe banki yaikulu, pansi pa a Lesetja Kganyago, iyenera kulondola, kuchoka pa 3 mpaka 6 peresenti kufika pa 3 peresenti. Pa zokambirana za malipiro zomwe zikubwera, mabwana a migodi adzafika ndi nambala imeneyi m'manja, ndipo atsogoleri a antchito adzayenera kufika ndi mapepala a malipiro oonetsa mzere wapansi.