Bambo akaba mbuzi, mwana anene?

Mbuzi ikasowa m'khola usiku n'kukapezeka ikugulitsidwa kutsidya ku Nayuchi, wodziwa zoona kawirikawiri amakhala mwana wa wakubayo. Iye ndiye anamva chitseko chikutseguka tambala asanalire. Tsono amfumu akamuitana pabwalo, anene kapena akhale chete? Funsoli silinayambire ku Insaca kapena ku Entre Lagos ayi. Linavutitsa kale anzeru a ku China ndi ku Greece.

Ku China kunali mphunzitsi Confucius, wobadwa m'chaka cha 551 Yesu asanabadwe. Mkulu wolamulira dera la She anamuuza monyada kuti kwawo kuli munthu wachilungamo zedi, yemwe anachitira umboni wotsutsa bambo ake omwe ataba nkhosa. Confucius sanawombe m'manja. Kwa iye chilungamo chinali chakuti kholo ndi mwana azisungirana chinsinsi, poti khalidwe limaphunziridwa pakhomo, ndipo wonyoza kholo sangalemekeze mfumu. Koma ankaphunzitsanso kuti mwana azidzudzula kholo lolakwa, mofatsa, osatopa ngakhale kholo lisamve.

Ku Athens nkhani inali ya imfa. Plato analemba za Euthyphro, amene anasumira bambo ake kaamba koti anamanga wantchito wopha mnzake, n'kumutaya m'dzenje mpaka anafa ndi njala ndi kuzizira. Euthyphro anakumana ndi Socrates pakhomo la bwalo la milandu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akukondweretsa milungu. Socrates sanamuuze kuti walakwa kapena wakhoza. Anangomupanikiza ndi mafunso kuti afotokoze chomwe kuopa milungu kumatanthauza, mpaka mkuluyo anati wachedwa kwina, n'kuchoka. Uku ndiko kunali kuphunzitsa kwa Socrates: munthu asachite chinthu chachikulu asanadzifunse bwino. Mafunso omwewo anamudanitsa ndi akuluakulu, ndipo m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe anamuweruza kuti amwe poizoni pomuganizira kuti akusocheretsa achinyamata.

Njira ya Confucius njokoma kwa banja, koma mwini mbuzi, mwina mayi wamasiye amene amadalira yomweyo pogulira ana makope, imamusiya manja ali m'khosi.

Kumidzi ya m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumene mwana ali m'manja mwa mwinimbumba, kuli khomo lachitatu. Mwana amakanong'oneza amalume ake, amalume n'kukakhala pansi ndi mlamu wawo madzulo, mbuzi kapena ndalama zake n'kubwerera amfumu asanaitane bwalo. Vuto limatsala pamene amalumewo anadyako nyama.